Ukamalira amayi ako sabwera

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya. Kumbuyoko mukundimva? Mundikhululukire, mawu anga ndi omwewa, sakwera.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ine si munthu wolankhula pagulu, sukulu sindinapite nayo patali, ndiye ndikasokoneza mundipirire. Ambiri mumandidziwa kuti ndine amake Aginesi. Ena mumandidziwa ndi dzina lina, limene simulitchula ine ndili pomwepo: mayi uja sanalire pamaliro a mwana wake. Ndine amene. Sindinaimirire kuti ndikalipire munthu, ayi. Ndaimirira kuti ndinene kumene zinachokera, ndi zimene Mulungu wachita pa mdzukulu wanga Tadala, mwana wa malemu Aginesi, amene ndinatsala pang'ono kumuwononga ndi pakamwa pangapa.

Ndiyambire kutali. Ndinabadwira kumudzi kwathu, kumunsi kwa Mtakataka. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mwina ziwiri, amayi anga anadwala chifuwa. Ankagona pamphasa pafupi ndi chitseko kuti apezeko mpweya. Tsiku lina m'mawa kunabwera amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, amene anakwatiwa ku Golomoti. Anandisambitsa, kundiveka diresi, n'kunena kuti, "Tiye ukatithandize kuingitsa mbalame kumpunga. Amayi ako akupita kuchipatala." Ine ndinakondwa, abale. Ndinakondwa ndi ulendo. Sindinalowenso m'nyumba kukatsanzika.

Titafika ku Golomoti anandisiya kwa anthu a nyumba yoyandikana nayo, amayi aakuluwo n'kubwerera kwathu. Anakhalako masiku angapo. Pobwera anali atameta mpala, atamanga mpango kumutu. Ndinafunsa kuti, "Amayi, tsitsi lapita kuti?" Anati, "Nsabwe." Ndinati, "Nanga amayi anga?" Anati, "Ali kuchipatala, akachira abwera."

Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno. Mwana sauzidwa za imfa. Timati ndi wamng'ono, mtima wake sungathe. Timamuchotsa maliro asanafike pakhomo, ndipo akabwera timamuuza kuti apita kuchipatala, apita kutauni, apita kukagwira ntchito. Timatero pomukonda. Amayi aakulu sanali munthu woipa. Anandilera, anandidyetsa limodzi ndi ana awo, sanandipatule.

Koma ine ndinkalira. Tsiku ndi tsiku ndinkalira. Tsiku lina akupuntha mpunga pabwalo, atatopa nane, anaima n'kunena kuti, "Iwe, tamvera. Ukamalira amayi ako sabwera. Akafika panjira apo n'kumva kulira, amabwerera."

Ndinasiya pomwepo. Ndinameza. Abale, mwana amakhulupirira. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva misozi ikubwera ndinkaluma mkati mwa tsaya. Ndikaponda minga, zii. Ndikamenyedwa, zii. Ndinagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mkono uwu, osalira ngakhale pang'ono, anthu n'kumati mwana uyu ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Ndinkaopa kuti mwina nthawi yomweyo amayi ali panjira.

Mukandifunsa kuti unadziwa liti kuti anamwalira, ndilibe tsiku lokuuzani. Palibe anakhala nane pansi. Ndinangokula, n'kumamva anthu akuti, "Wamasiye uyu, muonjezereni." Mutu unadziwa. Koma kuchifuwa kuno kunalibe amene anakanena.

Ndinakula, ndinakwatiwa, tinamanga nyumba kumudzi kwathu. Malemu bambo a Aginesi ankagula usipa kunyanja n'kukagulitsa kumtunda panjinga. Anali munthu wanthabwala. Koma akangotuluka pakhomo, mtima wanga unkayamba kugunda, manja kuzizira ngati ndawaviika m'madzi. Ndinkaphika, kusesa, kenako n'kupezeka ndaima pamsewu. Pobwera ankandipeza pomwepo, n'kuseka, amvekere, "Amake Aginesi, kodi boma lakulembani ntchito yoyang'anira maminibasi? Mundiuze, nanenso ndikalembetse." Ine n'kuseka nawo. Sindinkadziwa kuti ndi matenda. Ndinkati ndi mmene ndinabadwira.

Bambowo atamwalira maso anga anali owuma. Anthu anati ndi kudzidzimuka, zimachitika. Anandikhululukira. Ndinatsala ndi Aginesi, mwana wanga mmodzi yekha amene anakula, ndi kamwana kake Tadala. Mwamuna wa Aginesi anapita ku Joni kalekale, sanamvekenso. Tinali atatu m'nyumba.

Chaka chatha, nthawi yowokera mpunga, Aginesi anadwala. Sanadwale nthawi yaitali. Ambiri a inu munabwera pamaliro, zikomo. Munaona. Amayi munadzaza m'nyumba, mukulira, mukundigwira mapewa, mukudikira kuti mwini maliro ayambe. Ine ndinakhala chotsamira khoma, maso gwa. Ndinkafuna, abale. Mulungu ndi mboni, ndinkafuna. Mkati muno munkang'ambika. Koma zikafika pakhosi, chinachake chinkatseka. Nditaona kuti maso onse ali pa ine, ndinadzuka n'kupita kuseri kukatsuka makapu. Mwana wanga ali m'bokosi, ine ndikutsuka makapu.

Kachiwiri anthu sanakhululuke. Mawu aja palibe ananditchulira pamaso, koma ndinawamva: mwamuna sanamulire, mwana sanamulire, ndiye kuti akudziwapo kanthu. Ndikafika kumjigo nkhani zinkatha. Ana amene ankabwera kudzatola mango pakhomo panga anasiya, mango ankawolera pansi. Panalibenso wobwera kudzapempha mchere kapena kudzapala moto. Mukudziwa inu amayi, khomo limene anthu sapemphapo mchere si khomo. Muno m'tchalitchi ndinkakhala pabenchi yakumbuyo ija, uku malo, uku malo. Sindikunena kuti wina achite manyazi. Akanakhala wina, mwina nanenso ndikanasuntha.

Tsono Tadala. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ake atatsala pang'ono, achimwene anga, amene ndi eni mbumba kwathu, anati mwanayu achoke. Anamutumiza kwa abale ku Mua, n'kubwera zonse zitatha. Tinagwirizana kumuuza kuti amayi ake apeza ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Ine ndinavomera. Njira ina sindinkaidziwa.

Tinatsala awiri, ndipo ine ndinayamba kutha. Munda wanga wa ku Bwanje ndinausiya, udzu unapitirira mpunga. Kusamba ndinkaiwala. Ndinkaphikira mwana, ine osadya. Tulo tinathawa. Ndipo ndinayambiranso kuima pamsewu. Tamverani bwino apa. Bokosi ndinaliona ndi maso angawa likutsika, koma minibasi ikaima ndinkayang'ana otsika, mmodzimmodzi, mpaka womaliza. Anthu n'kumati, mwaona, zayamba kumuzungulira mutu.

Tsiku lina masana ndinabwera kuchokera kumsewuko n'kupeza Tadala atakhala pakhonde, wafumbata mpango wa mayi ake, akulira. Ankati, "Agogo, bwanji sakuimba foni? Amayi a mnzanga Chikondi ali ku Lilongwe koma amaimba. Ine ndinalakwa chiyani?" Kulira kwake kunkandilasa. Sindinaganize. Pakamwa panangotseguka pokha, ndipo ndinati, "Iwe, tamvera. Ukamalira amayi ako sabwera."

Mawu omwe aja. Osasintha ngakhale limodzi.

Mwana anasiya pomwepo. Ndinaona pakhosi pake akumeza. Ndipo ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ine mtima unakhala pansi. Ndinati basi, watonthola.

Anatontholadi. Anakhala mwana wabwino kwambiri. Ukamutuma, wapita. Ukamupatsa chakudya, wadya. Osafunsa, osadandaula, osaseka. Anasiya kusewera fulaye ndi anzake. Aphunzitsi ake anatumiza uthenga wakuti mwanayu m'kalasi salankhula, ngakhale pomuitana dzina amangokweza dzanja. M'nyumba mwathu munali anthu awiri, koma mukanadutsa panja mukanati mulibe munthu. Ine ndinkaziona, koma sindinkazizindikira.

Chimene chinandipititsa kuchipatala ndi mtima. Unkagunda mpaka m'makutu, ndinati mwina ndi kuthamanga kwa magazi. Ndinapita ndekha. Tili pamzere panja, kunabwera achinyamata ochita sewero, aja amaphunzitsa anthu podikira. Sewero lake linali la mayi wina, wamkulu ndithu, wapabanja. Mayiyo kumwamba kukangoda, ankasiya mphika pamoto, kumanga katundu m'chitenje, n'kuthawira kuchulu. Mwamuna wake n'kumamuthamangitsa ndi ambulera, akukuwa kuti, "Mayi, ndiwo zikupserera, mvula yake sinayambe n'komwe!" Anthu anaseka, ena mpaka kugwira m'mimba. Mnyamata wosewera ngati mwamunayo ankadziwa kuseketsa.

Koma kumbuyo kwa mayi uja kunali kamtsikana kakang'ono, kosalankhula, katagwira nsonga ya chitenje chake. Kulikonse mayi apite, iko kali pomwepo. Mwamuna sankakaona. Oyandikana nawo sankakaona. Kumwamba kukada, kamtsikana kaja n'kamene kankayamba kunjenjemera, n'kukoka chitenje, ndiye mayi n'kuthawa. Kenako anationetsa zakale, madzi osefukira atalowa m'mudzi, kamtsikana kali pachulu kokha, nyumba yawo ikupita.

Sewero litatha, namwino wina wachizimayi anaimirira n'kufunsa kuti, "Kamtsikana aka ndi ndani?" Wina anati ndi mwana wake. Wina anati ndi mzimu, anthu n'kusekanso. Ine sindidziwa mawu anachokera kuti. Miyezi yambiri ndinali ndisanalankhule pagulu. Ndinangomva ndanena kuti, "Ndi iye yemweyo."

Onse anatembenuka. Namwino anandiyang'ana, nati, "Amayi, mukatha kuyezetsa mundipeze chipinda chomaliza icho."

Ndinapita. Anandipatsa mpando, anatseka chitseko, n'kufunsa kuti, "Inu wanu wagwira chitenje ali ndi zaka zingati?" Ndinati, "Zisanu ndi chimodzi." Ndipo ndinanena zonse, zimenezi ndakuuzanizi, koyamba chibadwire. Sanandidule. Nditamaliza anafunsa kuti, "Anakuuzani ndani kuti amayi anu anamwalira?" Ndinaganiza, ndinaganiza. Ndinati, "Palibe." Anati, "Amayi, inu si mfiti, ndipo si wamisala. Munavulala muli mwana, bala lake silinatsukidwe. Matenda amenewa timawadziwa, ndipo thandizo lilipo." Anandipatsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndizibwera mwezi uliwonse tizidzacheza. Ndikunyamuka anafunsa kuti, "Kunyumba muli ndi ndani?"

Apo m'pamene ndinakumbukira. Ndinaona Tadala pakhonde paja, akumeza. Ndinati, Mayo ine, ndamupatsira.

Pobwerera sindinapite kunyumba. Ndinadzera kwa abusa. Abusa, mukukumbuka, ndinakupezani mukukonza njinga, manja ali bii. Munandimvera, munandipempherera, ndipo munati mankhwala ndimwe, pemphero lisaleke, zonse ndi za Mulungu mmodzi. Kenako munati, "Mayi, bodza limene linanenedwa mwachikondi ndi bodzabe. Koma nkhani ya mwanayo ili ndi eni ake, kayambeni kwa achimwene anu."

Achimwene ndinawapeza akuluka dengu. Ndinagwada, ndinati, "Achimwene, ndikufuna kumuuza Tadala, ndipo ndikufuna akaone pamene mayi ake anagona."

Anaika dengu pansi. "Mlongo, mutu uli bwino? Mwana kumanda? Anthu akukunenani kale. Akakuonani mukulowa kumanda ndi mwana ati chiyani? Mukufuna akuthamangitseni m'mudzi?"

Ndinati, "Ndiye mupite nafe inu."

Anati, "Dikirani akule. Adzadziwa yekha. Inu simunakule? Si inu muli apa?"

Ndinati, "Ndili apa, inde. Mwandiona mmene ndilili?" Ndinafunsa chimene sindinafunsepo chibadwire. Ndinati, "Achimwene, inu munali wamkulu, pamaliro a amayi munalipo. Zaka zonsezi, bwanji simunandiuze?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ine ndinkayesa mukudziwa."

Abale, aliyense ankayesa ndikudziwa.

Sanavomere tsiku limenelo. Panapita sabata. Kenako anabwera okha m'mawa, atavala jekete, nati, "Ndapempha kwa eni manda, alola. Koma mwana mumuuze nokha, ine sindingathe."

Ndinamutengera Tadala kuseri kwa nyumba, ndinayala mphasa, ndinamukhazika pamwendo ngakhale ndi wamkulu. Ndinati, "Tadala, ndinakunamiza. Amayi ako sali ku Lilongwe. Anadwala, anamwalira, tinawaika m'manda."

Anandiyang'ana. Anati, "Koma ine sindinalire, agogo. Sindinalire ngakhale tsiku limodzi."

Ndinati, "Ndikudziwa, mwanawanga. Ulire, usalire, sabwera. Si iwe. Sunalakwe chilichonse. Zija ndinanena zija zinali zabodza."

Tinapita kumanda atatu, achimwene patsogolo. Anthu anatuluka m'nyumba kudzationa. Tadala anaima pamtumbira, anayang'ana nkhata zouma zija, osalira. Pobwerera anakana kugwira dzanja langa. Titafika kunyumba anati, "Agogo, ndinu abodza." Basi. Masiku atatu sanandilankhule. Ndikamupatsa chakudya ankatembenukira kukhoma. Ndinati ndamutaya. Anthu onse anandisiya, tsopano ndi uyunso, mmodzi yekha amene ndinatsala naye. Masiku atatu amenewo ndi amene ndinali ndekha kuposa masiku onse a moyo wanga. Ndinkangoti, Ambuye, ngati andida andide, koma asakhale ngati ine.

Tsiku lachinayi akuchokera kusukulu, patapata wake anaduka. Patapata chabe, wakale, womangamanga ndi waya. Anafika pabwalo atamunyamula m'manja, anakhala pansi pafumbi, n'kutsegula pakamwa. Abale, kulira kumene kunatuluka! Ankagubuduka, akuitana, "Amayi! Amayi anga ine!" Mudzi wonse unamva. Mayi wina woyandikana nane, amene anali asanapondepo pakhomo panga chichitikire maliro, anathamanga n'kufika, akuti, "Tonthola iwe, tonthola, walumidwa ndi chiyani?" Ndinati, "Musiyeni. Akulira maliro a mayi ake." Mayi uja anaima, anatiyang'ana, kenako anavula mpango wake n'kukhala pansi pambali pathu. Mwana analira mpaka mawu kusasa. Atatopa anakwawa yekha n'kudzaika mutu pamwendo panga.

Ine mufunsa kuti ndinalira? Tsiku limenelo ayi. Sindikunamizani muno m'nyumba ya Mulungu. Zinabwera patapita milungu, ndili ndekha, ndikupeta mpunga umene achimwene anandigawira. Ndinangoona madontho m'lichero, n'kuyang'ana kumwamba kuyesa mvula. Sizinali zambiri. Panalibe woona, ndiye amene akufuna umboni wa maso ndilibe. Namwino uja akuti zidzabwera pang'onopang'ono, ndisadzikakamize.

Sindinganene kuti ndachira zonse. Mankhwala ndikumwabe. Masiku ena miyendo imafunabe kupita kumsewu, ndipo ndimakhala pansi n'kugwira mphasa mpaka zitadutsa. Nyumba ikadali yaikulu kwa anthu awiri. Aginesi wanga sadzabwera, zimenezo tsopano ndikuzidziwa ndi kuchifuwa komwe, ndipo zikupweteka kuposa kale. Koma amayi anzanga, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mwana akafunsa, muyankheni. Sankhani mawu ofewa, koma akhale oona.

Tsono imvani chimene ndaimirira pano. Lachitatu lapitali aphunzitsi anandiitanitsa kusukulu. Ndinapita mtima uli m'mwamba. Anati, "Agogo, mdzukulu wanuyu watitopetsa. Amalongolola m'kalasi, amayankha asanafunsidwe, ndipo dzulo wamenyana ndi mnzake polimbirana mpira. Mukamulangize." Ine ndinati, "Zikomo aphunzitsi, zikomo kwambiri," mpaka kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Anadabwa, anayesa sindinamve, anabwerezanso. Ndinati, "Ndamva, aphunzitsi. Ndikamulangiza." Ndipo ndinamulangizadi, kumenyana si kwabwino. Iye anandiyankha mwano, ine n'kumukalipira, tinakangana mpaka nkhuku kuthawa pabwalo.

Uyo wakhala apoyo, akubisa nkhope. Anandiuza kuti ndisamuloze. Ndamuloza.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye pamene ndinali ndekha. Ndikuthokoza abusa, ndikuthokoza achimwene, ndi namwino uja, ndi ana a sewero aja amene sadziwa n'komwe chimene anachita. Ndilibe chachikulu chokuonetsani, abale. Ena amachitira umboni wa ntchito, ena wa nyumba ya malata. Ine wanga ndi uwu: mdzukulu wanga wayamba kuvuta. Kondwerani nane. Amayi, nthungululu zili kuti? Imbani mokweza, ine mawu anga sakwera. Aleluya. Ameni.